Chikhatho pa Boneti

Matandani, Neno
4 Malichi 2024

Mwana wanga Stelia,

Uli bwanji ku Blantyre kumeneko ndi ana asukulu ako? Kuno tili bwino, kupatula mawondo anga ndi mutu wa abambo ako. Ndalemba kalata chifukwa kuti foni igwire kuno mpaka ndikwere pachulu cha kwa a Jessie, ndipo ukamalankhula pachulupo mudzi wonse umayankha nawo. Iyi si nkhani ya pachulu. Ndampatsa Yakubu, kondakitala wa minibasi ija. Yankho lako umpatsenso iyeyo, alisiye ku shopu ya a Halima pa Boma.

Abambo ako akuti akuchoka. Usaseke. Akuti tikangokolola, kumapeto kwa Meyi, aitana lole ya a Salimu, akweza pikapu yawo n'kubwerera kwawo ku Thambani. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri akudya ndiwo zanga, lero akumbukira kuti ndi mkamwini, ndipo akuti sangafere pamudzi pamene anawalodzera galimoto.

Galimotoyo ikadali momwe unaisiyira, chifereni mu Julaye. Akatembenuza kiyi imangoti "tiki" basi. Anagula batire latsopano, tiki. Anakagula sitata ku Limbe, tiki. Makaniko aliyense amene ndingamutchule akuti ndi wakuba. Ndiye yatsala mfiti, ndipo mfitiyo akuti ndi mlongo wanga, amalume ako a Binwell. Paja anabwera kudzapempha pikapu kuti iwanyamulire manachesi kupita pa Zalewa. Abambo ako atakana, iwo anasisita boneti n'kunena kuti, "Chabwino alamu, ingokhalani nayo pomwepa." Yakhaladi pomwepo. Amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, koma amalume ako anasiya mlomo ndi chikhatho chomwe. Chinadinda pa boneti, zala zonse zisanu, ndipo abambo ako amachionetsa alendo ngati satifiketi.

Kutchalitchi awiriwa amakhala uku wina uku wina. Abambo ako, dikoni wathunthu, amaimba za chikhulupiriro mpaka mitsempha ya pakhosi kutuluka, mawa lake n'kumawaza mchere wanga kuzungulira matayala.

Ndikudziwa kuti unachoka wokwiya mu Disembala atakuuza kuti galimoto yawo sigwidwa ndi dzanja la choko. Unalumbira kuti sudzapondanso pano. Koma iwe umaphunzitsa za magetsi a galimoto, tandiuza chochita. Munthuyu amandiwawitsa mutu, koma ndinamusankha ndekha, ndipo ndikuopa kukalamba ndikulankhula ndi nkhuku.

Ukapeza magalasi owerengera unditumizire. Akale aja anawakhalira.

Ndine mayi ako,
Edina


Blantyre
10 Malichi 2024

Amayi okondedwa,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Magalasi ndatumiza. Muwaike kutali ndi mpando wa adikoni.

Kalata yanu ndinaiwerenga pa nthawi yopuma, ndinaseka mpaka tiyi kunditulukira m'mphuno, kenako ndinakwiya. Amalume a Binwell amalephera ndi kuyatsa tochi yomwe, ndiye azimitse pikapu yonse ndi dzanja limodzi? Akadakhala ndi luso limenelo sukulu yathu ikadawalemba ntchito.

Ndili ndi ophunzira makumi awiri ndi anayi, atsikana asanu. Galimoto yoyenda tilibe. Tili ndi theka la galimoto yomwe inagundidwa ine ndisanabadwe, ndi thabwa limene ndinakhomapo batire, fyuzi, swichi ndi babu. Tsiku loyamba ndimawauza chinthu chimodzi chokha: magetsi amachoka pa batire, amadutsa mu waya, amakagwira ntchito, kenako amabwerera ku batire. Njira ikaduka paliponse, popita kapena pobwerera, palibe chiyaka. Amagwedeza mitu ngati amva. Dzulo Stefano, mnyamata amene amadzitcha injiniya chifukwa achimwene ake ali ndi njinga yamoto, anaona fyuzi yapsa n'kulumikizapo msomali. Utsi unadzaza kalasi, ndipo nsidze zake zidzamera chaka chamawa. Ndinamuuza kuti fyuzi imadzipereka kupsa kuti galimoto isapse, tsono iye wapulumutsa fyuzi n'kuwotcha thabwa langa.

Anawa akufunika galimoto yeniyeni yodwala matenda enieni. Bwanji ndibwere nawo asanu ndi mmodzi Loweruka lina, ndi zida zathu? Tidzaivundukula, tidzatsata mawaya ake onse limodzi limodzi, ndi kumasula chilichonse chimene tikuchikayikira. Lumbiro langa ndilimeza chifukwa cha inu. Koma musawauze kaye abambo.

Mundiuze za chimanga, chabereka bwanji chaka chino?

Ndine mwana wanu,
Stelia


Matandani
15 Malichi 2024

Stelia,

Moni. Ine ndili bwino kwambiri, ngakhale sunafunse.

Kalata yako Yakubu anandipatsa ine pa Boma, popeza ndine mutu wa banja, ndipo ndinaiwerenga popeza ndimadziwa kuwerenga. Ndamva kuti sukulu yanu ilibe galimoto, ndiye mwagwirizana ndi amayi ako kuti mubwere ndi gulu la ana owotcha nsidze kudzaphwasula yanga, aliyense atenge chiwalo chake. Ndiyetu m'nyumba mwanga momwe muli msonkhano.

Ndayendetsa malole zaka makumi atatu, Beira, Harare, Mbeya, popanda thabwa lokhomapo babu. Ndikati galimoto ili bwino koma yamangidwa, ndikudziwa chimene ndikunena.

Boneti ndaimanga ndi tcheni ndi loko. Za kumapeto kwa Meyi ndasintha. Lole ya a Salimu ibwera pa 30 Epulo. Chimanga mukolola nokha ndi amalume ako.

Ndine bambo ako,
G. Gerishon


Matandani
17 Malichi 2024

Stelia,

Uli bwanji? Ine sindili bwino, ndipo chifukwa chake wachiwerenga kale. Yakubu ndamutsuka pakamwa anthu akuona, mpaka a Halima anatuluka m'shopu kudzandigwira mkono. Kuyambira lero makalata anga uzilembapo dzina la a Halima, iwo azindisungira pansi pa kauntala.

Iwenso unalemberanji "kuvundukula" ndi "kumasula"? Sukuwadziwa abambo ako? Galimoto ija amaisambitsa kawiri pa sabata, ine sanandigulirepo ngakhale sopo wonunkhira. Tsopano ayamba kulongedza. Atenga kale wailesi, jekete la ukwati ndi mpando umene anakhalira magalasi anga uja. Dzulo anandifunsa kuti mwa mabulangete awiriwa lawo ndi liti. Ndinawayankha kuti lawo ndi limene anabwera nalo mu 1987, akalifunse kwa makoswe. Ndinayankha mwamwano choncho, koma nditapita kumunda ndinalira.

Usabwere ndi anawo, angawathamangitse ndi chikwanje. Koma za loko zisakudetse nkhawa. Munthu amene amakuchapira mathalauza sungamubisire kiyi. Lachinayi lililonse amapita pa Boma kukatchajitsa batire lakale ndi kukakangana ndi anzawo za mpira, ndipo amabwera dzuwa litapendeka. Boneti ndikhoza kuitsegula ine. Kungoti ndikatsegula ndiziyang'ana chiyani? M'katimo ndimangoona matumbo okhaokha. Ngati umaphunzitsa ana a eni ake, ndiphunzitse inenso. Sitandade sikisi ndinakhoza.

Chimanga chabereka pang'ono, mvula inadula mu Febuluwale.

Mayi ako,
Edina


Blantyre
22 Malichi 2024

Amayi,

Muli bwanji? Pepani kwambiri, mawu aja ndinalemba ngati ndikulankhula ndi amakaniko anzanga. Ndakulembani m'kaundula, ndinu wophunzira wanga wa nambala 25. Yunifolomu simufunika.

M'phukusili muli babu ya nyali yakutsogolo ya galimoto, ndailumikiza mawaya awiri okhala ndi zopanira kumapeto. Mulinso sipanala ziwiri. Muvule mphete musanayambe, ndipo sipanala isakhudze mitu iwiri ya batire nthawi imodzi, mungafanane ndi Stefano.

Batire lili ndi mitu iwiri, wina wolembedwa mtanda, wina kamzere. Poyamba panani waya mmodzi pa mutu wa mtanda, wina pa mutu wa kamzere. Muone kuwala kwake, mukusunge m'mutu. Kenako waya wa pa mtanda muusiye pomwepo, winayo muuchotse n'kuukhudzitsa pa chitsulo cha injini, pamalo posapaka kanthu. Muonenso kuwala kwake. Basi, mundilembere zimene mwaona. Musamasule chilichonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chifukwa chake ndi ichi. M'galimoto, waya wobwerera saika pa chinthu chilichonse. Magetsi akagwira ntchito amabwerera kudzera m'chitsulo cha galimotoyo, mpaka akafike pa waya wonenepa umene umawalowetsa pa mutu wa kamzere. Timautcha waya wa ethi. Ana anga onse amathamangira njira yopita, yobwerera saikumbukira, ndipo ambiri amalephera mayeso pamenepo.

Nkhani ya pikapu ndaisandutsa phunziro, mayina sindinatchule. Ndinalemba pa bolodi kuti batire latsopano, sitata yatsopano, tiki, ndi chikhatho pa boneti. Ndinafunsa kuti vuto n'chiyani. Asanu ndi awiri anati sitata ndi yachinyengo. Anayi anati swichi ya kiyi. Stefano anaimika dzanja n'kunena kuti, "Madamu, imeneyo ndi ya kwa asing'anga, silabasi siifika." Ena atatu anavomereza. Ndinawayang'ana n'kuganiza kuti boma likuwononga choko.

Koma Tawonga, mtsikana wosalankhulalankhula wa kumbuyo, anafunsa kuti, "Kodi madamu, chikhatho chimadinda bwanji pa chitsulo chouma?" Amayi, ndinachita manyazi. Chikhathocho ndinachiona ndi maso anga mu Disembala, koma mkwiyo unanditseka nzeru. Tandiuzani, sabata imene amalume anabwera, abambo ankaichita chiyani galimotoyo?

Mwana wanu,
Stelia


Matandani
14 Epulo 2024

Aphunzitsi,

Muli bwanji? Wophunzira wanu wa nambala 25 ali moyo. Usadabwe kuchedwaku. Minibasi ya Yakubu inathyoka chitsulo cha pansi, phukusi lako linagona pa Zalewa masabata awiri pamodzi ndi matumba a usipa. Babu yako ikununkha mpaka lero. Masiku atsala khumi ndi asanu ndi limodzi, ndipo abambo ako atsanzika kale kutchalitchi. Anawaimbira nyimbo, amayi ena mpaka misozi, ine ndikungoyang'ana denga.

Lachinayi ndinatsegula. A Jessie anandipeza mutu uli mu injini, chitenje ndamanga ngati wopita kudambo. Anafunsa kuti, "Kodi a Edina, mwayamba liti zimenezi?" Ndinati ndikufuna nkhuku yoikira. Anaima pomwepo mpaka ndinawapatsa babu kuti agwire.

Pa mitu iwiri ya batire babu inawala mpaka a Jessie anaitaya. Pa mtanda ndi pa injini inangofiira pang'ono ngati khala lotsala pa mbaula. Ndinayesa malo atatu, chimodzimodzi.

Za funso la Tawonga wakoyo: ankaipenta. Chaka chilichonse mu Julaye amaipenta, ukudziwa, koma chaka chathachi anapeza penti yabuluu yambiri, ndiye anati aipente ndi m'kati momwe kuti dzimbiri lisaione. Anachotsa batire, anamasula timawaya ndi tizitsulo, anapaka katatu. Mabawuti ankawaviika m'chitini limodzi limodzi n'kuwayanika pa nyuzipepala ngati zitumbuwa. Amalume ako anabwera penti ya pa boneti isanaume. Galimoto anaiyesa patapita masiku atatu, ndiye tiki woyamba.

Kodi ndakhoza?

Edina


Blantyre
18 Epulo 2024

Amayi,

Mwakhoza, ndipo mwaposa anyamata anga khumi. Zimene munaona ndinawerengera kalasi. Tawonga anati, "Njira yobwerera yatsekeka." Stefano akuti ankadziwa kale.

Penti silola magetsi kudutsa. Gwirani waya wonenepa wa pa mutu wa kamzere, muutsate ndi dzanja mpaka pamene unamangidwa ku thupi la galimoto. Ndikukhulupirira kuti mupeza wakhala pa penti, ndipo bawuti yake ndi imodzi mwa zitumbuwa zija. Muyambe mwachotsa waya pa batire. Kenako masulani bawutiyo, mupale malowo, bawuti, bowo lake ndi kumapeto kwa waya mpaka chitsulo chiwale. Mumangenso zolimba, mubwezere pa batire, muyesenso ndi babu.

Sandipepala ndaiwala kuika, ndipo Yakubu akuimba hutala panja. Mupeza chopalira.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi china. Galimoto ikalira, abambo adzadziwa kuti anaipha okha ndi burashi yawo, ndipo anatukwana amalume miyezi isanu ndi inayi popanda chifukwa. Zimenezo sindinaphunzire kukonza kwake. Ndimawakwiyira, komabe sindikufuna kuti achoke.

Stelia


Matandani
28 Epulo 2024

Stelia mwana wanga,

Uli bwanji? Khala pansi.

Lachinayi ndinautsata waya uja ndipo ndinapeza momwe unanenera. Penti yake inali yochindikala ngati chikhokho cha m'poto. Ndinapala ndi mpeni, kenako sitiliwulu ndi phulusa, mmene ndimakwechera mapoto. Babu inawala pa injini ngati pa batire. Ndinatseka boneti, loko, kiyi n'kubwezera m'thalauza.

Lachisanu m'mawa abambo ako anakalowa m'galimoto monga amachitira tsiku lililonse, kukamva tiki wawo. Inatsokomola kawiri, inatulutsa utsi wakuda, n'kulira. Nkhuku zinabalalika. Anthu anathamanga kuchokera m'minda, ndi amalume ako omwe anaima kumpanda.

Ukudziwa zimene ananena bambo ako? Anatuluka, anakweza manja, n'kunena kuti, "Mwaona? Wamva kuti ndikuchoka, waopa, waimasula. Tsopano sindifunanso lole, ndipita ndikuyendetsa ndekha." Ananena akuloza mlongo wanga. A Binwell anangovula chipewa n'kuyang'ana pansi, munthu wa imvi.

Pamenepo magazi anandikwera. Ndinati, "Zimitsani." Ndinapisa dzanja m'thumba lawo anthu akuona, ndinatenga kiyi wa loko, n'kutsegula boneti. Ndinatulutsa sipanala pachitenje. Pafupi ndi malo ndinapala aja pali bawuti ina, ikadali yabuluu. Ndinasamutsira waya pamenepo. Ndinati, "Lizani." Tiki. Ndinaubwezera poyera. "Lizani." Inalira. Ndinabwerezanso, pabuluu tiki, poyera kulira, katatu konse, ndikufotokoza ngati mmene umachitira iwe, kuti magetsi amapita ndipo amayenera kubwerera. Kenako ndinamasula kansalu komwe ndinasungamo penti yopala ija n'kuwaikira m'manja. Ndinati, "A Gerishon, mankhwala amene anamanga galimoto yanu ndi awa. Ngati pano pali mfiti, ndi amene anagwira burashi, kapena ine amene ndikuimanga ndi kuimasula. A Binwell sadziwa ndi potsegulira boneti pomwe."

A Jessie anayamba kuseka, ena n'kutsatira. Apa ndiye ndinalakwa, mwana wanga. Abambo ako ndikanawauza m'nyumba, awiri. Nkhope yawo inagwa, ndipo ndinawamvera chisoni kuposa tsiku limene anawapumitsa ntchito. Analowa m'nyumba.

Lero ndi tsiku lachitatu asanandilankhule. Amadya, amasamba, amakhala m'galimoto osailiza. Katundu sanamasule, ndipo 30 ndi mkuja. Galimoto ndakonza, koma mwina ndangowakonzera ulendo.

Mayi ako,
Edina


Matandani
5 Meyi 2024

Stelia,

Moni. Uli bwanji? Ndafunsa.

Ndikudziwitse kuti galimoto ikuyenda. Panali vuto laling'ono la waya wa ethi, limene ndinkalikayikira kuyambira kale. Amayi ako anathandizako pang'ono.

Pa 30 ndinailiza m'mawa, katundu ali kumbuyo. Ndinafika pamphambano, ndipo chiwongolero chinakhotera kwa amalume ako. Mwina nachonso chili ndi vuto, udzachione. Ndinawapeza akuthyola manachesi oyamba. Ndinatsitsa wailesi ndi mpando, tinakweza madengu asanu ndi anayi, n'kupita pa Zalewa. Titadutsa pa Boma ndinati, "Alamu, penti ija inali yosauma." Iwo anati, "Ndinaona, inanditengera sabata kuti ichoke m'manja." Nkhani inathera pomwepo. Pobwerera anandigulira chimanga chootcha, chaching'ono.

Chikhatho chawo pa boneti ndachisiya. Amayi ako akuti chikhale, ndizichiona ndikafuna kutsegula pakamwa. Burashi andibisira, ndipo sipanala zako amayenda nazo pachitenje ngati ndalama za chigayo. Dzulo ndinawapeza akuphunzitsa a Jessie za fyuzi.

Hutala sakulira, ndipo nyali yakumanzere imayaka ikafuna. Ndikhoza kukonza ndekha, koma ndamva kuti ana ako alibe galimoto yophunzirira. Ubwere nawo. Wowotcha nsidze uja aime patali. Mtsikana amene anafunsa za chikhatho akhale kutsogolo.

Za dzanja la choko zija ndinalankhula molakwa. Ndalemba kamodzi, usandibwerezetse.

Ndidzakudikira pa Zalewa Lachisanu pa 17, kuyambira naini koloko. Usakwere ya Yakubu. Ndidzabwera kudzakutenga ndekha, ndipo pobwera kuno udzayendetsa ndiwe.

Ndine bambo ako,
Gerishon